Makilomita 12 a m'phiri anandidyera maola 3, kodi ndine wofooka?

Funso: Ndili ndi zaka 41 ndipo ndakhala ndikuthamanga pa tala kwa zaka ziwiri, makilomita 10 ndimamaliza mu maminitsi 55. Loweruka lapitali anzanga ananditengera kuphiri, njira ya makilomita 12, wotchi inaonetsa kuti tinakwera mamita 800. Ndinatenga maola 3, malo ambiri ndimangoyenda, potsika ndinabinya phazi pang'ono, Lolemba ndimalephera kutsika masitepe ku ntchito. Koma zinandikomera moti ndikufuna ndizipitako ngakhale ndekha. Kodi ndine wofooka kapena pali chimene ndinalakwitsa? Nanga ndigule nsapato zanji?

Yankho:

Achimwene, nkhani ya kufookayo tiyambe taichotsa kaye panjira. Munthu wofooka samaliza makilomita 10 mu maminitsi 55 ali ndi zaka 41, komanso sabwera kuchokera kuphiri ntchafu zili pa moto nkumafunsa kuti ndipitenso liti. Chinachitika nchoti munatenga masamu a pa tala nkupita nawo kuphiri, nde kumeneko sagwira ntchito.

Tiwerengere limodzi. Othamanga m'mapiri ali ndi kawerengedwe kachidule koti mamita 100 aliwonse amene mwakwera muziwatenga ngati kilomita ina yoonjezera. Inuyo makilomita 12 ndi chikweza cha mamita 800, ndiye kuti thupi lanu linagwira ntchito ya makilomita 20, apatu sitinawerengere miyala, mizu, matope, kudikirana ndi anzanu komanso kuima kujambula zithunzi (musakane, ulendo woyamba aliyense amajambula). Palinso lamulo lakale la okwera mapiri limene William Naismith wa ku Scotland anakonza mu 1892, loti munthu woyenda bwino amatenga ola limodzi pa makilomita 5, kenako muonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Pa njira yanuyo zikutuluka pafupifupi maola 3 ndi maminitsi 45. Inu munamaliza mu maola 3, tsiku loyamba, phazi lobinya. Nde mukudandaula chani?

Mwina muone akatswiri enieni. Mpikisano wotchuka kwambiri wothamanga m'mapiri ndi UTMB, umene unayamba mu 2003, umayambira ku Chamonix nkuzungulira phiri la Mont Blanc kudutsa France, Italy ndi Switzerland, makilomita pafupifupi 170 ndi chikweza cha mamita pafupifupi 10,000. Mu 2022 Kilian Jornet anapambana mu maola 19 ndi maminitsi 49, chaka chotsatira Jim Walmsley anapambana mu maola 19 ndi maminitsi 37. Mukagawa, ndi maminitsi 7 pa kilomita. Inu pa tala mumathamanga maminitsi 5 ndi theka pa kilomita. Ndiye kuti mutangoyang'ana nambala ya sipidi pa wotchi, inuyo mumawasiya anthu amenewa, kkkk. Nchifukwa chake ndimawauza anthu ongoyamba kuti pa wotchi pachoke nambala ya maminitsi pa kilomita, pakhale nthawi ndi mamita okwera basi. Kuphiri ulendo timauyeza ndi maola. Munthu akati ndikukathamanga maola awiri, mtunda uzadziwika pobwera.

Za kuyendazo. Mwalemba kuti "ndimangoyenda" ngati mukuulula tchimo, koma anthu ndawatchulawa nawonso amayenda pa zikweza zowirira, ndodo m'manja, makamera akuwajambula. Akatswiri anayeza pa makina nkupeza kuti kupendekeka kwa chikweza kukapitirira madigiri 15 kapena 16, kuyenda mwamphamvu kumadya mphamvu zochepa kusiyana ndi kuthamanga pa liwiro lomwelo. Ndiye wothamanga pa chikweza chotere amangowotcha mafuta pachabe, wina akuyenda pambali pake osamusiya. Ine ndinataya chaka chonse choyamba chifukwa cha manyazi amenewa, ndinkati wothamanga sayenda, ndikafika pamwamba maso ali gwaa, mtima ukugunda m'makutu, kutsika kwake nkumangodzandira. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma kuyenda kwake kuli ndi kachitidwe. Weramani pang'ono kuchokera m'chiuno msana uli wowongoka, manja onse awiri pa ntchafu chapamwamba pa bondo, phazi likaponda dzanja likankhe ntchafuyo pansi, kenako linalo. Masitepe aafupi, osati kutambasula miyendo kufuna kukwera mwala waukulu kamodzi pamene pambali pali timiyala tiwiri toti mukwerepo pang'onopang'ono. Choyezera chake ndi pakamwa. Ngati simungathe kumuyankha mnzanu chiganizo chathunthu osaduladula ndi befu, mwapitirira, yendani. Pakangosalala muyambenso kathamangidwe kanu. Kusinthasintha kumeneku, yenda thamanga yenda thamanga, ndiye masewera ake, ndipo amene amakudziwa bwino amafika pamwamba miyendo ikadali yake.

Tsopano kutsika, apa ndiye ndichedwapo chifukwa mavuto anu onse awiri, ntchafu ndi phazi, anachokera pamenepa. Anthu amaopa chikweza koma chimene chimaphwanya thupi ndi matsitso. Mukamakwera minofu ya ntchafu imafupika pogwira ntchito, mapapo ndi amene amalira. Mukamatsika minofu yomweyo imagwira ntchito ya buleki, ikutalika uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi lanu pa sitepe iliyonse, ndipo zimenezi zimaing'amba pang'onopang'ono mkati mwake, timabala toti ndi maso simungatione. Ululu wake subwera tsiku lomwelo, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, nchifukwa chake Lamlungu munali bwinoko koma Lolemba masitepe anasanduka adani. Pachingerezi amati DOMS. Ena adzakuuzani kuti ndi lactic acid, asidi amene amachuluka m'minofu mukamathamanga mwamphamvu, ayi, imeneyo imakhala itachoka kale pakatha ola limodzi kapena awiri mutamaliza kuthamanga. Ndipo pa tala simunakumane nazo chifukwa msewu wosalala sufuna buleki yotere, olo mutathamanga zaka 10.

Chosangalatsa nchoti thupi limaphunzira msanga. Kutsika kamodzi kokha kotere kumateteza minofu kwa masabata angapo, moti mukabwereza njira yomweyo pakatha masabata awiri ululu udzachepa kwambiri. Mukakhala miyezi itatu osapitako, muyambirenso kulira. Pakadali pano yendani, palasani njinga pang'ono, gonani mokwanira, zitha zokha mkati mwa sabata. Koma mukaona mkodzo wasanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, minofu yatupa ndipo ululu ndi wosaneneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, zimenezo zimatanthauza kuti minofu yaphwanyika kwambiri ndipo zikhoza kuononga impso. Sizichitikachitika koma ndi bwino muzidziwe.

Kutsika bwino nkotani? Munthu wamantha amagonera kumbuyo, mwendo nkuuponya kutsogolo uli wowongoka, chidendene nkumenya pansi. Akuganiza kuti akudziteteza koma ndi mmene anthu amatererekera, chifukwa kulemera kwake kwatsala kumbuyo pamene phazi lili kutsogolo, nsangalabwi zikangosuntha wakhala pansi. Komanso buleki yonse ikupita pa bondo ndi ntchafu. Chofunika ndi chifuwa chikhale pamwamba pa mapazi, mawondo opinda pang'ono, masitepe aafupi komanso ofulumira ngati mukuponda pa lata lotentha, phazi lisakhalitse pansi. Ubwino wa masitepe aafupi ndi woti phazi limodzi likaponda molakwika linalo lafika kale kudzalanditsa, simunaike thupi lonse pa mwala umodzi. Manja atambasuleni m'mbali, azivina mmene akufunira, musasamale za maonekedwe.

Ndipo maso. Musamayang'ane mapazi anu. Yang'anani masitepe atatu kapena anayi kutsogolo, ubongo umasunga chithunzi cha pamene mwaonapo ndipo phazi limakapondapo lokha. Poyamba zimaopsa, kenako mumadabwa kuti zikutheka. Muziyang'ana pamene mukufuna kuponda, mukayang'anitsitsa mwala umene mukuuopa mukaupunthwa womwewo. Mizu yonyowa ndi miyala ya ndere musapondepo, dumphani kapena pondani pakati pake. Mukafuna kuona kukongola kwa chigwa imani kaye, ndaonapo anthu ambiri akugwa pa malo osalala bwinobwino chifukwa maso anali kumwamba. Chinanso chimene ndaona pa zaka zonsezi, anthu sagwa kwenikweni pa malo oopsa, pamenepo amakhala tcheru. Amagwa chakumapeto, atatopa, galimoto ikuoneka poteropo, phazi silikunyamukanso mokwanira nkukodwa pa kamuzu kopanda pake. Ndikukayika ngati inu simunabinyire chakumapeto komweko.

Phazi lanulo musalipeputse. Ngati simungathe kuyenda masitepe anayi mutaliponda, kapena mukadina pa fupa la kakolo penipeni pakuwawa, kajambulitseni. Ngati mukuyenda bwino, lipatseni masiku kutupa kuthe, koma dziwani kuti kakolo amene anabinyapo ndi amene amabinyanso, chifukwa timitsempha touza ubongo mmene phazi lapondera timakhala tasokonekera. Mankhwala ake ndi otchipa: imani ndi mwendo umodzi potsuka mano, m'mawa ndi madzulo, mwendo uliwonse miniti imodzi. Zikaphweka tsinzinani. Zikaphwekanso imani pa pilo. Onjezerani kunyamuka ndi zala pa sitepe kulimbitsa akatumba, ndi kutsika pa sitepe ndi mwendo umodzi pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, kumeneku ndiye kuphunzitsa ntchafu buleki. Kawiri pa sabata, maminitsi 15, jimu sikufunika.

Nsapato sindichedwapo, anthu amazikuza kwambiri. Pa njira youma yosalala nsapato zanu za pa tala zikhoza kukutumikirani. Kukanyowa kapena pa miyala mukufunika za trail, zothamangira m'mapiri, zimene pansi pake pali mano a mamilimita 4 mpaka 6 ndipo kutsogolo nkolimba kuteteza zala mukapunthwa. Dzina la kampani lisakupusitseni, chachikulu zikukwaneni: pakati pa phazi zigwire bwino kuti phazi lisamaseseleke mkati, kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu cha m'manja. Zikathina kutsogolo, potsika zala zimamenya nsapato maulendo masauzande, zikhadabo nkuda kenako nkuthothoka. Kaziyeseni madzulo mapazi atatupako, wengani zikhadabo, ndipo musanayambe kutsika mangitsaninso zingwe. Masokosi a thonje asiyeni, amasunga thukuta nkubala matuza.

Chimene chandikhudza kwambiri mu funso lanu ndi mawu oti "ngakhale ndekha". Sindikuletsani, ineyo maulendo anga okoma kwambiri ndi a ndekha, kumva mapazi ako ndi mpweya wako basi. Koma pa tala mukabinya phazi mumaimitsa galimoto. Kuphiri mukabinya pa makilomita 6 kuchokera kumsewu, thandizo litenga maola, ndipo nthawi yonseyo mwakhala pansi ndi malaya onyowa ndi thukuta. Wothamanga amavala zochepa chifukwa thupi likutentha lokha, akangoima chitetezo chimenecho chatha. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, muonjezerepo mphepo ya pamwamba ndi kunyowa, mupeza kuti munthu akhoza kufa ndi kuzizira tsiku limene kumunsi anthu akuyenda ndi malaya a manja aafupi.

Pa 22 May 2021 ku Gansu m'dziko la China kunali mpikisano wa makilomita 100, ananyamuka anthu 172, ambiri atavala kabudula ndi kamalaya. Chamasana nyengo inatembenuka ali pa chikweza, mvula yozizira, matalala ndi chimphepo. Anafa anthu 21, ndipo pakati pawo panali Liang Jing, mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a dzikolo. Anthu 6 anapulumutsidwa ndi mbusa wa nkhosa amene anawalowetsa m'phanga nkuwasonkhera moto. Omwalirawotu anali anthu olimba kuposa ine ndi inu, kulimba sikunawathandize, chimene analibe ndi jekete.

Inenso zinandionekerapo. Ndinanyamuka m'mawa kuli ngwee, ndinati maola awiri okha jekete ya chani, koma mwamwayi inatsalira m'chikwama kuchokera ulendo wina. Nditafika pamwamba chifunga chinangoti phi, mwala wa pa mamita 10 osauona, kamvula kowaza nkuyamba. Ndinasochera mwina maminitsi 40 ndikuzungulira malo amodzi, ndipo ndinachita uchitsiru umene ambiri amachita, kuchedwa kuvala poganiza kuti ndikangopeza njira ndifunda pothamanga. Pamene ndimati ndivale, zala zinali zitauma, zipi ya jekete ndimalephera kuigwira, ndinachita kuikoka ndi mano. Ndinatulutsa foni kuti ndione mapu, sikirini yonyowa osamva chala, batire ili pa 11 peresenti chifukwa kuzizira kumadya batire. Chinandipulumutsa nchoti ndinakhala kuseri kwa thanthwe, kudya kaye, kupukuta foni ndi mkati mwa chipewa, nkutsata mzere wa GPS kubwerera mmene ndinadzera. Kuyambira tsiku limenelo ndimavala ndikangomva katsemwe koyamba. Ndipo mukaona mnzanu akunjenjemera, akulankhula ngati woledzera, akupunthwa pachabe, musamufunse ngati ali bwino, adzati ali bwino. Muvekeni, mudyetseni, tsikani naye.

Ndiye m'kachikwama kanu, ngakhale kunja kuwale bwanji: jekete yotchinga mvula ndi mphepo, malaya ena ouma a manja aatali m'pepala la pulasitiki, kabulangete kaja konyezimira ngati foyilo kamene kamapindika nkukwana m'thumba, tochi ya pamutu, wenzulo, bandeji yotanuka, foni yodzadza yokhala ndi mapu oti amatsegula popanda netiweki. Zonsezi sizifika kilogalamu imodzi. Ndipo musananyamuke uzani munthu mmodzi njira imene mukudzera ndi nthawi yoti akapanda kumva za inu ayambe kufunsa, kenako musasinthe njirayo chifukwa mwaona kanjira kena kokongola.

Muzikhalanso ndi nthawi yobwerera imene mwaikonza muli kunyumba mutu uli bwino. Mwachitsanzo ikakwana 11 koloko ndikutembenuka, kaya ndafika pansonga kaya ayi. Zikumveka zophweka muli pa mpando, koma nsonga ikakhala ikuoneka apo, mtima umati maminitsi 20 okha, ndipo kuphiri chimene chikuoneka ngati maminitsi 20 nthawi zambiri ndi ola, mukafikanso mupeza kuti kuseri kuli nsonga ina. Kuthamanga sikufika, achimwene. Mphenzi nayo musaseweretse: mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi, akakhala ochepera 30 chokani pamwamba ndi pa mitengo yoima payokha, tsikani. Nchifukwa chake nyengo ya mvula ndi bwino kulawira, mabingu amakonda masana.

Madzi ndi chakudya. Ulendo ukapitirira maminitsi 90 muzidya muli m'njira, magalamu 30 mpaka 60 a zopatsa mphamvu msanga pa ola, kaya ndi majelo a othamanga (timapaketi ta zotsekemera zonga uchi) kaya chilichonse chotsekemera chimene mimba yanu imalandira, pang'ono pang'ono maminitsi 30 aliwonse osadikira njala. Pa maola 3 anu aja ngati simunadye kanthu, ndiye kuti ola lomaliza munkayendera ngongole, ndipo shuga akatsika m'thupi choyamba kuthawa ndi tcheru, kupunthwa nkuyamba. Madzi imwani molingana ndi ludzu, ambiri zimawakwanira pa theka la lita pa ola, kukatentha kuposerapo. Osadzikakamiza kumwa malita ndi malita a madzi okhaokha, mchere umachepa m'magazi ndipo matenda amenewo aphapo othamanga, pa ulendo wautali muzidyako za mchere. Madzi a mumtsinje olo aoneke oyera bwanji simukudziwa chimene chafera kumtunda, sefani kapena thirani mankhwala. Ndipo chonde osamwa ibuprofen kapena diclofenac musananyamuke kapena muli m'njira kuti ululu usamveke, pa thupi lotopa komanso louma mankhwala amenewa amapweteka impso.

Mukadzayamba kusirira mapiri aatali opitirira mamita 2,500, kumeneko kuli nkhani ina ya mpweya, mutu kuwawa, mseru, kusowa tulo, ndipo sizisankha wolimba. Zikayamba osakweranso, zikakula tsikani. Koma zimenezo nza mtsogolo.

Pulani yanga kwa inu ndi iyi. Loweruka likubwerali musapite, phazilo lipole kaye mpaka muzitha kudumpha ndi mwendo umenewo osamva kanthu. Kenako kuphiri kamodzi pa sabata, masiku enawo pitirizani pa tala monga kale, liwiro la kumeneko lidzakuthandizani. Yambani ndi ola limodzi kapena ola ndi theka, chikweza cha mamita 300 mpaka 400, njira yopita nkubwerera momwemo kuti musasochere, muzionjezera maminitsi 10 kapena 15 pa sabata, sabata yachinayi muzichepetsa. Pezani kamtsetse kamodzi ka maminitsi awiri kapena atatu kosaopsa, muzikwera choyenda nkutsika chothamanga kanayi, kuphunzitsa maso ndi mapazi miyendo isanatope. Miyezi iwiri yoyamba pitani ndi anzanu aja, ndipo potsika khalani kumbuyo kwa amene amatsika bwino kwambiri muziona pamene akuponda, koma musiye mpata wa mamita angapo kuti muziona njira nokha. Za kupita nokha ziyambe pa njira imene mwaidutsa katatu ndipo mukudziwa mphambano zake zonse. Pakatha masabata 8 mukabwereze makilomita 12 aja, mudye m'njira, muyende zikweza mwadala, nde mudzandiuze kuti Lolemba lake masitepe a ku ntchito munatsika bwanji.